Zimene Khasu Laphonya

Ana anga, Tiyezge, Wezi ndi Chimwemwe, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito imene ndinagwira, popeza pakamwa sinditha kulongosola nkhani. Sukulu ndinalekera panjira, choncho zaka sindizisunga ndi manambala. Ndimazisunga ndi inu: chaka chimene uyu anali kumsana, chaka chimene uyu anayamba kuyenda. Pano ndilemba za mawu amodzi amene ndayenda nawo kuyambira ndili mtsikana mpaka lero, mawu akuti kukunkha. Ndilembanso chimene chinatisiyanitsa ine ndi ankhazi anu NyaZimba, mlongo wa bambo anu. Muli ana munkandifunsa chifukwa chake sitinkachezerana, ine n'kumangokutumani kumadzi.

Tiyezge ali kumsana: ku Kapichila

Ntchito yanga yoyamba inali pa famu yochulukitsa mbewu ya mtedza. Mtedza wa pamenepo sunali wodya. Tinkaulima, kuusankha, kenako unkagawidwa kwa alimi m'midzi kuti akadzale. Amene anandipezera malo ndi alamu angawo NyaZimba, amene anali atagwira kale pafamupo zaka zingapo. Tsiku limene anandiperekeza kwa manijala, a Ngoma, ndinaima kumbuyo kwao ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi. A Ngoma atafunsa dzina langa anayankha ndi alamu. Atafunsa kwathu anayankhanso ndi alamu. Pamapeto pake a Ngoma anafunsa ngati mtsikanayu ali ndi lilime, alamu n'kuyankha kuti, "Ali nalo bwana, koma amalisungira Khirisimasi." Anthu onse anaseka, ndipo ndinalembedwa ntchito tsiku lomwelo.

Kunyumba tinkalankhula Chitumbuka, koma pafamu mabwana ankachokera cha ku Chipata, ndiye ntchito yonse inkayenda m'Chinyanja. Popeza ndinali wamanyazi, ndinkamvetsera kwambiri, ndipo chimene chinkandidabwitsa n'chakuti ntchito yathu yonse inali imodzi, kuika zinthu pamodzi, koma gawo lililonse linali ndi dzina lake. Tikakumba ndi kuzula, tinkaunjika mtedza m'milu, makoko ali m'mwamba kuti aume. Ukauma tinkathothola, kuchotsa makoko ku masangwi. Ogwera pansi tinkatola. Kenako anyamata a ngolo ankatuta kupita nawo kushedi, kumene tinkasonkhanitsa zochokera m'minda yonse tisanayambe kusenda ndi kusankha. Tsiku lina ndinauza mayi wina kuti ndikupita kukakunkha makoko amene agwa pa ngolo. Anandikonza nthawi yomweyo. Anati amenewo n'kutola, chifukwa mwini wake akadali nawo diso. Kukunkha kumabwera mwini akatembenuka n'kupita.

Tanthauzo lake ndinaliona ndi maso kumapeto kwa kukolola. Pangodya ya munda uliwonse ankazikapo ndodo yomangirira udzu kunsonga. Ndodoyo ikakhala chilili, palibe munthu wakunja ankaponda m'munda, ngakhale mwana. M'mawa wina ndinaona anthu atakhala m'mbali mwa munda, akazi amasiye, okalamba, ena ndi timakasu totha, ena ndi zitini. Sankalankhula zambiri, ankangoyang'ana ndodo. A Ngoma anafika, anayendera munda, kenako anazula ndodo ija n'kuigoneka pansi. Anthu aja anadzuka mosathamanga, aliyense n'kutenga mzere wake, kuyamba kufukula makoko amene makasu athu anaphonya. Alamu anandiuza kuti mwambowu famu inaupeza, sinabwere nawo. Oyamba ndi eni munda, achiwiri ndi okunkha, omaliza ndi ng'ombe. Anandiuzanso kuti amene wakumba m'munda sakunkhamo, chifukwa iye wadya kale malipiro.

Wezi atayamba kuyenda: ku Magodi

Patapita zaka anatsegula famu ina ku Magodi, ndipo ena a ife anatisamutsira kumeneko, ine pamodzi ndi alamu. Kumeneko kunali ng'ombe zambiri, ndipo abusa sankachedwa. Ndodo ikangogona, okunkha ankafunika kufulumira ng'ombe zisanalowe kudzadya masangwi ndi kupondaponda nthaka. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Masaka akatha tinkasoka matumba akale a feteleza ndi ulusi wosolola m'matumba ena. Makasu atsopano sankabwera, tinkawanola pamwala mpaka kutsala ngati supuni. Thirakitala inakhala pansi pa mtengo nyengo yonse chifukwa chosowa mafuta, nkhuku mpaka zinaikira mazira pampando wa dalaivala.

Manijala wa kumeneko anali a Mwale, munthu wamfupi, wosakonda kukhala muofesi. Ankayenda ndi khasu lawolawo, ndipo nthaka ankaidziwa kuposa tonsefe. Ndi iwo amene anandiika ukapitawo wa gulu la amayi okumba. Ndinayesa kukana, ndinati sinditha kulamula anthu akuluakulu kuposa ine. Iwo anati kapitawo wolankhulalankhula anali naye kale ndipo anatopa ndi milandu, tsopano akufuna woyang'ana. Ntchito yanga inali yogawa mizere. Mayi aliyense ankakhala ndi mizere yake kuyambira kupalira mpaka kukumba, ndipo ine ndinkadziwa mzere uliwonse mwini wake.

Pakati pa okunkha a ku Magodi panali bambo mmodzi yekha, a Jere. Kale anali ndi khola lodzaza, koma ng'ombe zawo zonse zinatha ndi matenda a nkhupakupa, ndipo ana awo anabalalika. Mwamuna wa Chingoni kukunkha pakati pa akazi chinali chinthu chosekedwa, ndipo amayi ankawanyoza kuti awagulira chitenje. Iwo ankabwezera kuti chikhale chofiira. Ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ankafukula ndi kachitsulo ka njinga kopindidwa kunsonga. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa kusiyana kwa wokunkha ndi wakuba, popeza onse amatenga chimene sanadzale. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za mwana.

"Wakuba amabwera ndodo ili chilili, ine ndimabwera itagona," anatero. "Mundifunse za ng'ombe, mama, osati izi. Komanso inu mzere wanu ndimaudziwa. Nkhuku ingafe ndi njala mmenemo."

Kuyambira tsiku limenelo tinkapatsana moni. Ankandiuza mayi amene ali ndi dzanja lolemera ndi amene ali ndi dzanja lopepuka, ngakhale kuti sanawaonepo akukumba. Ankaziwerenga m'nthaka. Ine ndinkachita chidwi kuti munthu wobwera pomalizira angadziwe zambiri chonchi za amene anadutsa patsogolo pake.

Chimwemwe ali m'mimba: chaka cha chilala

Chaka chimenecho mvula inaleka chimanga chikungoyamba ngayaye. M'midzi nkhokwe zinali zopanda kanthu isanafike n'komwe nyengo yozizira, ndipo anthu ambiri anadya mbewu zimene anasungira kudzala. Mtedza wa pafamu unapulumuka pang'ono chifukwa tinadzala msanga, m'munda wa kufupi ndi dambo. Koma nthaka inauma gwa. Nthaka ikauma choncho, ukazula mtedza makoko ena amaduka n'kutsala pansi, ngakhale ukumbe mosamala bwanji. Choncho pamene milu inaoneka yaing'ono, tonse tinati ndi chilala.

Titamaliza kukumba, okunkha anayamba kufika. Chaka chimenecho anali ambiri kuposa kale lonse, ndipo ndinaona nkhope zachilendo: ana ndi azing'ono a amayi a m'gulu langa. Ndodo inali chilili. A Mwale sanaizule. M'malo mwake anandiitana kuti tiyende m'munda awiriwiri. Anakumba pamzere wina, panatuluka makoko awiri atatu omwazikana, iwo anati ichi ndi chilala. Anapita pamzere wina, anakumba kamodzi kokha, panatuluka phava lonse la makoko lili pamodzi ngati mazira m'chisa. Anakumba patsogolo pake, chimodzimodzi. Sanakweze mawu. Anandifotokozera kuti apa munthu sanalowetse khasu, anangogwira masangwi n'kukoka, kuti makoko atsale, abale ake adzawatenge ndodo ikagona.

Anandiuza kuti mtedza umenewu ndi umene alimi a midzi yonse yozungulira akuudikira kuti adzale mvula ikagwa, chifukwa wao anadya. Thumba lililonse lotsala m'nthaka ndi munda wa munthu umene sudzadzalidwa. Kenako anandipatsa njira ziwiri. Ndiwauze eni mizere imeneyo kuti awachotse ntchito, kapena ngati sinditero, ndodo sizulidwa, alowetsa pulawo m'munda, ndipo pafamu imeneyo kukunkha kutha, chaka chimenecho ndi zaka zonse zam'tsogolo. Anati sangasunge mwambo umene wasanduka khomo lotulutsira mbewu. Anandipatsa mpaka tsiku la malipiro.

Mzere umene anakumba uja unali wa alamu anga. Inalipo ina ya amayi ena, koma woyamba unali wao.

Masana amenewo ndinapita kunyumba kwao. Amuna awo anali atapita ku migodi kalekale ndipo analeka kutumiza kanthu. Ndinawapeza akusinja gaga, ana atakhala mozungulira mtondo. Ndinakhala pansi n'kuwauza zimene a Mwale anapeza mumzere wao. Nditanena, sanakane, ndipo sanaleke kusinja.

"Mlamu, khasu langa lili ndi ana," anatero. "Lako lilibe?"

Ndinati mbewuyo ndi ya anthu odzala. Anati anthu odzalawo adzadya mwezi wa Epulo, pamene Masozi, mwana wao wotsiriza, akufuna kudya lero. Anandifunsa kusiyana kwake ngati makoko amenewo adyedwa ndi a Jere kapena ndi Masozi, popeza onse atuluka pansi pa ndodo imodzi. Ndinayesa kunena kuti a Jere amatenga chimene khasu laphonya, pamene ichi chasiyidwa dala, ndipo ndi iwo omwe anandiphunzitsa kuti wokumba sakunkha. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti amene anandilankhulira pamaso pa a Ngoma ndili bubu, wosatha kudziyankhira, anali ndani. Ndinatsanzika, iwo sanandiperekeze.

Ndinaganiza masiku onse otsalawo. Kutchula maina kunali kuchotsa ntchito amayi amene malipiro awo ndiwo ankadyetsa makomo athunthu m'chaka cha njala. Kukhala chete kunali kutsekera a Jere ndi akazi amasiye munda umene ankaudalira chaka ndi chaka, pa mlandu umene sanapalamule. Bambo anu anati nkhani za pafamu zithere pafamu, koma ndinkaona kuti akuopera mlongo wao.

Tsiku la malipiro lisanafike ndinapita kwa a Mwale. Sindinalankhulepo mawu ambiri kwa bwana ngati tsiku limenelo. Ndinati maina sinditchula. Ndinapempha kuti gulu langa lonse libwerere m'munda, likumbenso popanda malipiro, ine ndili patsogolo. Koma tisakumbe motsata mizere. Tiime mondondozana kumbali imodzi ya munda n'kukumba mopingasa, kudula mizere yonse, ndipo zonse zotuluka tiunjike pa mulu umodzi. Mwa njira imeneyo mbewu ibwerera kushedi, koma palibe angaloze kuti phava ili latuluka mumzere wa uje. Tikatha, iwo azule ndodo monga mwa nthawi zonse. A Mwale anati mizereyo angathe kuifufuza okha atafuna. Ndinati ndikudziwa. Anati aona kukula kwa muluwo.

Kuuza amayi kunali kovuta kuposa kuuza bwana. Amene sanalakwe anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Mayi wina anati iye sangaswe msana ulere chifukwa cha manja a anthu ena, ndiwatchule basi. Ndinati amene sakufuna akhale, koma adziwe kuti amene adzabwere kudzakumba adzaoneka ngati ndiwo olakwa. Anatukwana, koma m'mawa mwake anabwera ndi khasu. Alamu anabweranso. Anaima kumapeto kwa mzera wa anthu, kutali ndi ine, ndipo anakumba mwakuya kuposa wina aliyense. Tinakumba masiku angapo, ine ndi mimba yanga, okunkha akutiyang'ana ali m'mbali. Pakati pao panali Masozi ndi kachitini kake. Muluwo unakula mpaka ngolo inabwerera kangapo.

A Mwale anasunga mawu awo. Anazula ndodo n'kuigoneka, ndipo palibe anachotsedwa ntchito. Koma munda wokumbidwa kawiri ulibe khunkha. Tinali titatenga zosiyidwa dala pamodzi ndi zimene chilala chinadula, zimene zikanakhala za okunkha. Madzulo ndinakumana ndi a Jere akutuluka, makoko asakukwana n'komwe m'thumba la jekete. Anati ndawatsegulira nyumba imene ndasesamo kale. Ndinati ndodo idzagonanso chaka chamawa ndi zaka zina. Iwo anati, "Ndiye chaka chamawacho muchiuze chifulumire, mama."

Chaka chamawacho chinawapeza, ndipo anakunkha pafamupo nyengo zina zingapo asanamwalire. Mbewu ija inagawidwa, mvula inagwa bwino, ndipo ndikamayenda pa njinga m'midzi ya ku Magodi ndinkaona minda ya mtedza ili biriwiri. Koma alamu sanathe kudyetsa ana onse mpaka kukolola. Masozi anamutumiza kwa achibale a bambo ake kutali, ndipo anakulira komweko. Mpaka lero amabwera ngati mlendo. Kuyambira pamenepo ine ndikati monire alamu, iwo ankangoti yewo, maso ali kwina. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zambiri choncho.

Chimwemwe atayamba sukulu: kufupi ndi Lukusuzi

Malo anga omaliza anali kafamu kakang'ono cha kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Kumeneko ndinaphunzira kuti nyama sizidziwa ndodo. Anyani ankazula mtedza ife tikuona, nguluwe zinkafukula mizere yathunthu, ndipo kukolola kunali kupikisana. Mlonda wina ankakonda kunena kuti nguluwe zakunkha m'munda, ine n'kumamukonza kuti zaba, chifukwa ndodo inali chilili. Ankandiseka kuti ndikufuna kuzenga mlandu nguluwe. Ndinapuma ntchito ndili kumeneko, mawondo atayamba kukana, ndipo ndinabwerera ku Kapichila. Alamu anali atabwerera kale. Nyumba zathu zinayang'anana, koma moni unali womwe uja.

Tsopano

Ndili ndi kamunda kanga ka mtedza pambali pa nyumba, kamene mumandiletsa kulima. Masiku ano ambiri sazikanso ndodo, ena amangolowetsa ng'ombe tsiku lomwe atuta. Ine ndimazika. Chaka chathachi alamu sanalime, chifukwa anadwala nyengo yonse ya dzinja. Ndinkadziwa kuti ndikawatumizira mtedza m'dengu aubweza, monga anabwezera zinthu zina m'mbuyomu. Pokumba, nditafika mizere ya kumalire, kumbali ya kunyumba kwao, ndinapezeka kuti ndaika khasu pansi. Ndinangogwira masangwi n'kukoka. Ndinamva makoko akuduka pansi, ndipo ndinapitiriza choncho mpaka kumapeto. Nditatuta, ndinazula ndodo n'kuigoneka poonekera.

Alamu anabwera patapita masiku, ndi kakhasu ndi beseni. Ine ndinali pakhonde ndikusenda, ndipo ndinachita ngati sindikuona. Anakumba kamodzi, anaima. Anakumba patsogolo pake, anaimanso. Kenako anaitana osatembenuka.

"A Kapitawo, khasu lanu lakalamba."

"Lakalamba, alamu."

"Kapena labereka ana?"

Anakumba mizere yonseyo mpaka kumalire, ndipo sanasiye ngakhale khoko limodzi. Ndinkayembekeza kuti alowera kwao, koma anabwera pakhonde, anatula beseni, n'kukhala pansi pafupi nane, koyamba kuchokera chaka cha chilala. Anayamba kusankha monga tinkachitira kushedi, manja akuyenda okha. Makoko aakulu, odzaza bwino, ankawaika pambali. Ndinkafuna kuwafunsa dzina la chimene ndinachitacho, popeza sikunali kukolola, sikunali kupatsa, ndipo mwa malamulo amene iwo anandiphunzitsa sikunali kukunkha. Mawuwo ndawafunafuna m'Chinyanja ndi m'Chitumbuka, sindinawapeze, ndipo ngati wina wa inu akuwadziwa adzandiuze. Koma tsiku limenelo lilime ndinalisunganso.

Atamaliza, anaola makoko aakulu aja ndi manja awiri n'kuwakhuthulira pa chitenje changa.

"Awa ndi a mbewu," anatero. "Mbewu sasiya m'nthaka."

Otsalawo anasenza n'kupita nawo kwao.